Anagwetsa ndege 121 usiku, anathera pa malonda a vinyo

A Mkonzi,

Tiloleni malo pang'ono. Nkhani za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zikamakambidwa, achinyamata amatengeka ndi manambala, akuti uje anagwetsa ndege zakuti. Tikufuna tiunike Heinz-Wolfgang Schnaufer wa ku Germany, kuti zioneke mmene nambala yake ya 121 inapezekera, komanso zimene inamupindulira nkhondo itatha.

Anabadwa mu 1922 ku Calw, katauni ka kumwera chakumadzulo kwa Germany, m'banja logulitsa vinyo. Ankayendetsa ndege yankhondo ya Messerschmitt Bf 110 ya mainjini awiri, koma sankauluka yekha. Kumbuyo kwake kunkakhala Fritz Rumpelhardt wa radar (chida choonera ndege zikadali kutali) ndi wailesi, ndi Wilhelm Gänsler wa mfuti. Anzawo a pansi ankawalozera kumene kukudutsa chigulu cha ndege za mabomba za Britain. Rumpelhardt ankatola imodzi pa radar ikadali makilomita angapo, n'kumauza woyendetsa kuti kumanja, kwera, chepetsa liwiro. Akayandikira, radar inalibenso ntchito. Atatu onse ankatong'ola maso kufunafuna chithunzithunzi chakuda kapena kamoto ka ku ekizozi.

Chinsinsi china chinali mfuti ziwiri za mamilimita 20 zomangidwa kuseri kwa woyendetsa, zoloza kumwamba mopendekera kutsogolo. Ankazitcha Schräge Musik. Ndege zambiri za mabomba za Britain zotchedwa Lancaster zinalibe mfuti yoteteza kumimba, choncho mdani ankangolowa pansi pake, n'kumayendera nayo limodzi osaonedwa. Akatero ankaloza phiko, pakati pa mainjini awiri, pamene pali matanki a mafuta. Kuloza mimba kunali kudzipha, chifukwa m'menemo ndi mmene munali mabomba. Akawombera ankapatukira kumbali msanga, poti zidutswa zoyaka zimagwera amene ali pansi.

Zosokoneza zinalipo. Mu July 1943, poukira Hamburg, a Britain anayamba kumwaza timizere ta aluminiyamu totchedwa Window, radar n'kudzaza madontho abodza. Zinatenga miyezi kuti a Germany afalitse radar ina ya SN-2 imene sinkapusitsika msanga, koma nyanga zake zazitali pamphuno pa ndege zinkadya liwiro. Ndiye panalinso ndege za Britain za Mosquito, zimene zinkasaka alenje a Germanywo.

Pa 21 February 1945 Schnaufer anagwetsa ma Lancaster 9, ndipo 7 mwa iwo anagwa m'mphindi 19 zokha. Wowerenga aziwerengera yekha: Lancaster iliyonse inkanyamula anthu 7. Gulu la ndege za mabomba la Britain, Bomber Command, linataya anthu oposa 55,000 pankhondo yonse. Ife sitiona chomuimbira m'manja munthu amene luso lake linkatalikitsa ulamuliro wa Hitler, ngakhale n'zoona kuti ndege zimene ankagwetsazo zinkapita kukatentha mizinda yodzaza anthu wamba.

A Britain anamugwira nkhondo itatha, n'kumumasula chakumapeto kwa 1945. Anabwerera ku Calw ali ndi zaka 23, wopanda ndege, wopanda ntchito. Bambo ake anali atamwalira mu 1940, ndipo bizinesi inali itatsala dzina lokha. Malonda a vinyo amafuna zitatu: alimi okugulitsa m'migolo, mabotolo othiramo, ndi makasitomala olipira. Zonsezi zinali zitabalalika, ndalama ya Reichsmark nayo inalibe mphamvu mpaka pamene anaisintha mu June 1948. Anachita kuyambira pansi, kuyendera ogulitsa akale mmodzimmodzi ndi kusaka misika yatsopano, mpaka bizinesi inadzuka.

Mtima wake komabe sunali m'migolo. Tsiku lina iye ndi mnzake Hermann Greiner analowa mu Switzerland mozemba, kukafunsira ntchito yoyendetsa ndege ku South America. Anagwidwa, anaperekedwa kwa a France, n'kukhala m'ndende miyezi ingapo. Atatuluka anabwerera ku vinyo yemweyo.

Pa 13 July 1950 anali ku France kukagula katundu. Chakumwera kwa Bordeaux, galimoto yake yopanda denga inawombana ndi lole yonyamula masilinda a gasi, ndipo anavulala kwambiri m'mutu. Anamwalira m'chipatala pa 15 July, ali ndi zaka 28.

Owerenga okonda mbiri ya ndege,
Zomba