Kalata kwa Nambewe ku Johannesburg

Nambewe mnzanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Wati chitseko chikangomenyetseka kuntchitoko mtima umangoti phaphapha, manja zii, mpaka wayamba kukayikira kuti alipo wakuchita chipongwe cha mankhwala. Ine maganizo anga athamangira kwa amalume ako aja ndi lamba wawo. Sindinaiwale mmene unkabisalira kuseri kwa nkhokwe yathu, uli ndi zaka 9.

Kusukulu ya unamwino tinaphunzira kuti mtima wa munthu wathanzi sugunda ngati wotchi. Pokoka mpweya umafulumirako pang'ono, potulutsa umabweza liwiro. Kusinthasintha kumeneku madokotala amati heart rate variability, ndipo mwini wake weniweni ndi mtsempha wa vagus, wochokera m'mutu kutsikira kumtima, kumapapo mpaka m'mimba. Ndiwo buleki ya thupi. Mwana wogona atatchera khutu kumvetsera mapazi a womumenya, thupi lake limazolowera kukhala chire, ndipo bulekiyo imatha kumagwira mochedwa ngakhale atakula. Si onse ozunzidwa paubwana amene zimawatero. Zimaoneka kwambiri mwa omwe pambuyo pake anadwala matenda a maganizo.

Nkhani imene sichoka m'mutu mwanga ndi ya ku Romania. Ku Bucharest ofufuza anatsatira ana 136 a m'nyumba zosungira ana, theka lawo n'kuwapezera mabanja. Atafika zaka 12 anawayeza kuti aone mmene thupi limachitira munthu akapanikizika. Okhalitsa m'nyumba zija thupi lawo linkayankha mofooka. Amene analowa m'banja asanakwane zaka 2 linkayankha mofananako ndi la ana okulira kwa makolo awo.

N'chifukwa chake za Tadala sizikundigonetsa. Mwana wa malemu achemwali ako uja ali ndi chaka ndi miyezi itatu, ndipo ali m'nyumba yomweyo unakuliramo iwe. Zodikira kuti ubwere pa Khirisimasi ine sindikugwirizana nazo.

Iweyo pita kukiliniki akakuyeze mtima, BP ndi chithokomiro, ndipo ukawauze zonse, za lamba zomwe. Mtima ukayamba kuthamanga, koka mpweya pang'onopang'ono, n'kuutulutsa nthawi yotalikirapo kuposa pokoka. Zimadzutsa vagus uja.

Amayi anga ati Tadala atha kumusunga, mphasa ilipo. Lankhula ndi agogo ako avomere, undiuze pa WhatsApp, Loweruka ndikwere basi ndikamutenge.

Ndine mnzako wa kalekale,
Nachisale