Aise, za ndalama za kafukufuku zija

Aise,

Voice note yako ya Lamlungu ija ndaimvera kawiri konse, koyamba ndili pa kabaza kuchokera ku Luwinga ndiye mphepo inkangomeza mawu, kachiwiri usiku ana atagona. Ndinati ndiyankhe pompo koma nkhani yake siyothera pa foni, ndiye landira chikalata uwerenge ukapeza mpata. Kuno tili bho, kungoti kuzizira kwa Mzuzu ukukudziwa, kamvula kamawawa kakumayamba m'bandakucha mpaka 10 koloko, zovala sizikuuma, wamng'ono uja chimfine sichikumuchoka. Mayi ako ndinakumana nawo mumsika akugula usipa, akuti mwana wanga anandiiwala, uwaimbire chonde.

Wati ukuopa kubwerera kuno ukamaliza PhD chifukwa kulibe ndalama za kafukufuku, udzangokhalira kuphunzitsa ndi kuchonga mapepala mpaka kupuma pantchito. Mantha akowo ndikuwamva ndipo sindikunamiza kuti kuno kuli mapwevupwevu, makamaka chiyambire 2025 pomwe aku America anatseka USAID nkuyambanso kufinya ndalama zopita kunja za NIH, bungwe lawo la kafukufuku wa zaumoyo, anzathu angapo am'mapulojekiti anangouzidwa kuti mawa musabwere, basi. Koma zoti ndalama kulibiretu ndiye ndakana. Zilipo, vuto ndi loti ife akumpoto kuno timazimva mochedwa, ndipo tikazimva timathamangira zikuluzikulu zoposa msinkhu wathu, tating'onoto nkumatinyoza ngati sindalama.

Tayang'ana za ku Rumphi pompano. Kaodzera uja wa kashembe za ku Vwaza, ukukumbukira momwe ankachizira odwala akafika poti matenda alowa mu ubongo? Melarsoprol, jakisoni wa arsenic, wowawa ngati moto mumtsempha, ndipo mankhwala omwewo ankapha pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 aliwonse. Lero kuli fexinidazole, mapilisi akumwa masiku 10 munthu atadya, ndipo anawayesera pa chipatala cha boma cha Rumphi chomwechi pamodzi ndi china cha ku Uganda, a DNDi, bungwe lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa, akutsogolera, ndalama zochokera ku EDCTP, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya ndi Africa wolipira kafukufuku wa zaumoyo. Mu December 2023 a bungwe loona zamankhwala ku Ulaya anawavomereza. Si ku Blantyre kumeneko aise, ndi kwathu kuno, ulendo wa minibasi. Nanga ku Chilumba? Anayamba 1979 ndi kafukufuku wa khate, tikumakutcha KPS (Karonga Prevention Study), pano ndi bungwe la kafukufuku la MEIRU, mpaka lero anthu akulembedwa ntchito kumeneko. Zonsezi sizinagwe kumwamba, alipo anakhala pansi nkulemba pulopozo. Chimene chimandiwawa ine nchoti kwa zaka zonsezi ife takhala otenga magazi ndi kulemba ma sampulo, kulandira ka alawansi nkumasekerera, pepala likatuluka dzina lako osaliona olo pansi penipeni.

Ndiye chaka chatha ndinati nane ndiyese, sindinakuuze chifukwa cha manyazi kkkk. Ndinaona call, chilengezo choitana ofuna ndalama za kafukufuku, ya bungwe lina la ku Ulaya kutatsala masiku 9 kuti itseke. Ndinalemba chinthu chachikulu ngati ndine unduna, ati ndithana ndi likodzo, malungo ndi kuchepa kwa magazi m'maboma onse akumpoto, munthu mmodzi wopanda olo njinga yamoto. Kalata yovomereza ya kuntchito ndiye inandionetsa zakuda, abwana oyenera kusaina anali ku wekishopu kunyanja sabata yonse, ndinayenda maulendo anayi ku ofesi yawo, siginecha nkudzapezeka tsiku lotseka lenilenilo masana. Ndafika kunyumba magetsi kulibe. Laputopu ili pa 18 peresenti, foni ndaiika pawindo la kuchipinda chifukwa ndi pokhapo pamagwira netiweki, madamu akundiunikira kiyibodi ndi tochi uku akufunsa ngati nsima aphike kapena adikire. Fomu ija kufika kumapeto ikundifunsa ORCID, nambala yozindikiritsa wofufuza pa intaneti, ine osaidziwa kuti nchiyani, ndinachita kutsegula pomwepo manja akunjenjemera, bandulo nkuthera panjira, kuthamangira ku okala kukagula mayunitsi. Inapita, kutatsala mphindi zochepa. Patatha miyezi inayi yankho linabwera laulemu bwino koma lokana, ndipo kunena zoona ndikanakhala ine woweruza ndikanaikananso. Mmodzi mwa owerenga analemba kuti funso lenileni sakuliona, ndinakwiya masiku awiri, lachitatu ndinaiwerenganso nane osaliona.

Pano ndachepetsa mtima. Ndikuloza ya RSTMH, bungwe la ku London lija la matenda a m'maiko otentha, amapereka mpaka mapaundi 5,000 kwa ongoyamba kumene kafukufuku, ntchito yake ya chaka chimodzi, ndipo safuna kuti ukhale ndi PhD, namwino, clinical officer, wa mu labu ngati ine tonse timaloledwa bola ukhale ndi wina wodziwa wokuyang'anira. Kwa iwe 5,000 mwina ndi ndalama ya ma reagent a mwezi umodzi, koma kuno ndi kafukufuku wathunthu, ndipo chachikulu sindalamazo, nchoti ukadzafunsira ina pamzere uja amati munalandirapo grant usadzalembenso kuti ayi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Funso langa ndi ili, undiuze ngati lili lanzeru. Praziquantel, mankhwala a likodzo aja, amagawidwa kwambiri m'masukulu, eti? Nanga tiana tosakwana zaka zisanu timene timakhala m'madzi tsiku lonse amayi awo akuchapa ndi kutsuka mbale m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay? Ine ndimationa mikodzo yake. Mayi amabwera ndi kabotolo, mkodzo wofiirira ngati tiyi, ukasefa mamililita 10 nkuika pa maikulosikopu mazira ali mbwee, aliyense ndi kaminga kake kumapeto, mwana wake wa zaka zitatu sanapondepo pasukulu. Zili m'mabuku athu akuluakulu a hadikava aja, ena chinyezi chinawadya kale, palibe anaziwerengapo. Ndikufuna midzi yochepa chabe, kutenga mikodzo pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko pomwe mazira amatuluka ambiri, nkuwerenga kuti mwa tianato tingati tili ndi likodzo. Basi, osati zothetsa matenda onse zija.

Tsopano za iweyo. Ukangoteteza PhD yakoyo uli pamlingo wa Wellcome Early-Career Award, thandizo la bungwe la Wellcome la ku UK kwa ofufuza ongoyamba kumene, amalipira malipiro ako kuphatikizapo ndalama za kafukufuku mpaka mapaundi 400,000, nthawi zambiri kwa zaka zisanu, ndipo utha kuigwirira kuno ku Malawi konkuno. Mpikisano wake ndi woopsa, sindikubisa, koma anthu a ku MLW, malo a kafukufuku a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, akhala ndi Wellcome kuyambira 1995, njira zake amazidziwa, alembere mmodzi wa akuluakulu kumeneko usanamalize nkomwe, usachite manyazi, safunsa anadya phula. EDCTP yomwe ija inalipira za ku Rumphi imakhalanso ndi ma fellowship a ofufuza a ku Africa kuno, pano akuitcha Global Health EDCTP3. Ku Nairobi kuli Science for Africa Foundation amene akuyendetsa DELTAS Africa, pulogalamu yophunzitsa ofufuza a ku Africa, ndalama zake zimadzera m'magulu a mayunivesite ndiye umayang'ana gulu logwirizana ndi phunziro lako nkudikira alengeze malo. Za NIH ine ndinganene kuti usaikepo mtima wonse pakadali pano. Mlamu wathu naye, poti ndi wa sayansi, muuze za OWSD, bungwe la azimayi asayansi a m'maiko osauka, ali ndi PhD kale amatha kupatsidwa mpaka madola 50,000 ndipo Malawi ili pamndandanda. Kamng'ono kako kaja kamene kakufuna masters kayese sikolashipu ya Beit Trust, iwo amangotenga a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe basi ndiye sukulimbana ndi dziko lonse lapansi, kapena Commonwealth, kapena TDR ya ku WHO ija.

Chimene sindinkachidziwa nkomwe, ndipo ndi chomwe chimagwetsa ambiri kuno, nchoti ndalama zikuluzikuluzi sizilowa mu akaunti yako. Zimapita ku bungwe lokusunga, yunivesite kapena malo a kafukufuku, ndipo opereka amafuna aone kuti kumeneko kuli ofesi yodziwa kusunga ma risiti, kuchita odit ndi kutumiza malipoti nthawi yake. Apa mpamene a KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija, ndi a MLW amatipitirira, ali ndi anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo tsiku ndi tsiku. Ndiye ukamaganiza zobwerera usayambe ndi kufunsa nyumba ya lendi ku Katoto, yamba ndi kufunsa kuti ndani adzandisunge, uyankhulane nawo miyezi ingapo call isanatseke, zanga za siginecha zija zisakuchitikire.

Kenako pali ethics. Sungatenge olo dontho la mkodzo wa mwana popanda chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, kaya NHSRC ku unduna, kaya COMREC ya ku KUHeS, kaya MZUNIREC pa Mzuni pano, ndipo zimatenga nthawi komanso zili ndi malipiro ake, uziike mu bajeti. Fomu yopempha chilolezo kwa makolo nayo ndiyenera kuimasulira m'Chitonga ndi m'Chitumbuka, gogo wa ku Chintheche sungamuwerengere Chingerezi nkumati wavomera. Ndipo usanafike kwa makolo uyambe wadzera kwa a DHO ndi kwa mafumu, ukalumpha pamenepo mphekesera za anamapopa zija zikangoyamba udzathawa wosiya ndi cooler box yomwe.

Bajeti ulembe mu ndalama ya eni akewo, osati makwacha. Mnzathu wina analemba yake mu makwacha chakumayambiriro kwa 2023, ndalama zisanabwere nkomwe mu November kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, ma test kit onse ochokera kunja anangokwera usiku umodzi, anachita kudula midzi ina pakati. Mafuta nawo uike ochulukirapo, pano kupita ku Nkhata Bay, makilomita osakwana 50, nthawi zina umayamba wagona pa mzere ku filling station.

Ndiye pempho langa ndi ili aise, usaseke. Ndikufuna undiwerengere ka pulopozo kanga, masamba atatu okha, ukang'ambe mopanda chisoni ngati momwe unkachitira ndi ma asainimenti anga kusukulu, makamaka pa kawerengedwe ka sample size, kuchuluka kwa ana oyenera kuyezedwa, pomwe mutu wanga umaima. Ngati supervisor wako angalole kuti dzina lake kapena lako likhalepo ngati wondiyang'anira ndiye ndagwira mwendo. Ukadzabwera iwe ndi chi Wellcome chakocho udzapeza ine ndili kale ndi manambala a ku Nkhata Bay ndi mafumu ondidziwa, sudzayambira pa ziro. Draft ndikutumizira Lachisanu pa imelo, ya kuntchito ija isiye siyikugwira, ndigwiritsa ya Gmail.

Pali wina akubwera kumeneko mwezi wamawa, ndimupatsira khofi wa Mzuzu mapaketi awiri ndi ufa wa kondowole, usipa ndikuopa angamulande pa eyapoti. Iwe ukapeza mabatire a laputopu yanga ija unditumizire mtengo, modelo ndakujambulira pa WhatsApp. Upereke moni kwa mlamu.

Ndine,
mnzako wa ku Chiputula uja