Mapulogalamu ndi aulere, koma bandulo ndiyo ikutilemera

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za vuto limene lakhala likundisowetsa tulo chiyambire kuphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu a kompyuta kuno ku Luchenza. Tili ndi makompyuta 9 akale amene anthu akufuna kwabwino anatipatsa, ndipo onsewo tinaikamo Debian, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imene Ian Murdock anaiyambitsa mu 1993, yomwe mpaka lero imasamalidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Sitilipira laisensi, ndipo zida zonse zimene wophunzira amafuna, monga Python, gcc ndi git, n'zaulere. Chimene anthu satchula akamayamikira ulere umenewu n'chakuti zidazo zimadzera pa intaneti, ndipo kwathu kuno intaneti ndi bandulo yogula ndi ndalama ya m'thumba la mphunzitsi.

Pa Debian pulogalamu imabwera ngati phukusi, fayilo imene dzina lake limathera ndi .deb, ndipo m'kati mwake muli pulogalamuyo, malo amene fayilo iliyonse iyenera kukakhala, ndiponso mayina a maphukusi ena amene iyo singagwire ntchito popanda iwo. Ukauza apt, pulogalamu imene imakoka ndi kuika maphukusi, kuti iike phukusi lotchedwa build-essential, limabwera ndi gcc, g++, make ndi ena ambiri, monga muja mlendo wa pachinkhoswe amafikira ndi abale amene sunawawerengere mbale.

Loweruka lina ndinagula bandulo, n'kulumikiza foni yanga ku makompyuta aja kuti ndiike zida zonse ana asanafike. Kompyuta iliyonse inkakoka payokha maphukusi omwewo amene inzake inali itakoka kale, moti pofika pa yachitatu bandulo inali itatha. Nditagula ina, magetsi anazima kompyuta yachinayi ili pakati poika maphukusi, ndipo atayakanso madzulo apt inakaniratu kuchita chilichonse kufikira nditalemba lamulo lakuti dpkg --configure -a, limene limamalizitsa ntchito yosiyidwa panjira. Tsiku limenelo ana anabwerera kwawo atangokopera zolemba pa bolodi.

Cholakwa chinali changa, ndipo njira yake ndinaiphunzira mochedwa. Maphukusi okokedwa amafikira mu foda ya /var/cache/apt/archives, koma lamulo la apt limawafufuta likamaliza kuwaika, pamene lamulo lina lofanana nalo, la apt-get, limawasiya pomwepo. Kusiyana kwakung'ono kumeneku ndiko kunandidyera ndalama. Tsopano ndimakoka kamodzi kokha, n'kukopera mafayilo onse pa fulashi, kenako n'kugwiritsa ntchito dpkg-scanpackages kupanga mndandanda umene apt imawerenga, kotero kuti kompyuta iliyonse imaona fulashiyo ngati nkhokwe yake ya maphukusi. Ndinapanganso kaphukusi kangakanga pogwiritsa ntchito chida chotchedwa equivs, kamene mulibe pulogalamu ngakhale imodzi koma mayina okha a zida zimene kalasi yathu imafuna. Ndikangoika kaphukusi kameneko, zida zonse zimatsatira, ndipo makompyuta onse 9 amafanana, moti mwana akasamukira pa kompyuta ina sapeza zachilendo.

Kuika zida ndi mbali imodzi chabe, chifukwa pamatsala kuzikonza kuti zisalimbane. Kuyambira pa Debian 12, amene anatuluka mu 2023, pulogalamu ya pip, yoikira malaibulale (zidutswa za mapulogalamu zolembedwa kale) a chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python, imakana kuwaika m'dongosolo lonse la kompyuta, pofuna kuteteza mafayilo amene apt imayang'anira. Ophunzira anga, amene amakhulupirira kwambiri mavidiyo akale a pa YouTube kuposa aphunzitsi awo, ankayesetsa kuikakamiza pip, ndipo wina anasokoneza Python wa pa kompyuta imodzi mpaka tinachita kuikamo zonse mwatsopano. Masiku ano phunziro loyamba ndi venv, kutanthauza kuti ntchito iliyonse ikhale ndi kampanda kakekake ka malaibulale.

Pempho langa likupita ku masukulu a ukachenjede, makamaka Malawi University of Science and Technology imene ili ku Ndata m'boma lathu lomwe lino la Thyolo ndipo inatsegulidwa mu 2014. Choyamba, aganizire zosunga nkhokwe ya maphukusi a Debian ndi Ubuntu, pulogalamu inanso yoyendetsa kompyuta, pa seva yawo. Ndikudziwa kuti nkhokwe ya m'dziko momwe muno singathetse payokha vuto la bandulo, popeza kuifikira pa foni n'kulipirabe, n'chifukwa chake ndikupempha kuti pakhale tsiku limene aphunzitsi a m'masukulu a ku Thyolo ndi ku Mulanje angamapite ndi fulashi kapena hard disk kukakopera okha. Ndalama ya minibasi kamodzi pa teremu ingatipepukire kusiyana ndi kugula bandulo sabata ndi sabata.

Chachiwiri, chimene ndikuchiona chachikulu, n'chakuti ophunzira aphunzitsidwe kupanga maphukusi, osati kulemba mapulogalamu kokha. Ambiri amaiona ntchito imeneyi ngati ya ukalaliki, yosayenera munthu wa digiri, koma Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaikhazikitsa mu 2004, inamangidwa pa maphukusi a Debian omwewa. Wachinyamata amene walemba pulogalamu yowerengera makilogalamu a tiyi amene alimi ang'onoang'ono apereka, koma sadziwa kuikulunga kuti mlembi wa kalabu ya alimi ku Limbuli aiike pa kompyuta yake popanda kumuimbira foni, ndiye kuti pulogalamuyo idzakalambira pa laputopu yake.

Pakadali pano ndikutha kuthandiza aphunzitsi anzanga oyandikana nafe amene angafune kukopera zimene zili pa fulashi yanga, bola adziwe kuti maphukusiwo ndi a Debian 12 ndipo sayenera kusakanizidwa ndi a Ubuntu kapena a Debian wina. Debian 13 anatuluka mu Ogasiti 2025, ndipo tsiku limene tidzasamukire kumeneko ndidzayenera kusonkhanitsa maphukusi onse mwatsopano, ndi bandulo inanso.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kompyuta,
Luchenza, Thyolo