Zikomo potisonyeza chala chomwe chinkanyamula phiko

Kwa Akuluakulu ndi Ogwira Ntchito,
Natural History Museum, London

Olemekezeka,

Ndine mayi wa ku Malawi wokhala kuno ku Mangalande. Loweruka lapitali ndinabwera kwanuko ndi mwana wanga wa zaka 9. Tisanalowe n'komwe, iye anaona chosema cha nyama yamapiko pakhoma lanu n'kufunsa, "Amayi, ndi mbalame?" Ine ndinamuyankha kuti ndi mleme waukulu wamakedzana.

Amene anatikonza ndi mayi wina wogwira ntchito mkatimo, ndipo ndi chifukwa cha iwo ndalemba kalatayi. Anagwada, n'kugwira dzanja la mwanayo, n'kuwerenga zala. Atafika pa chachinayi, chija timavekapo mphete, anati, "Tiyerekeze kuti chalachi chatalika kuposa mkono wako wonse, ndipo khungu lachoka kunsonga kwake kukafika kumwendo." Limenelo ndiye phiko la pterosaur, nyama youluka yamakedzana ija tinaona pakhoma. Mleme umatambasula khungu lake pa zala zinayi, mbalame imadalira nthenga, koma iyi chala chimodzi basi. Zala zitatu zotsalazo zinali zazifupi, za zikhadabo. Anawonjezera kuti si dinosaur ayi, koma ndi m'bale wake pakati pa zokwawa.

Kenaka anatisonyeza chithunzi cha Dimorphodon, mtundu wina wa pterosaur, yomwe mafupa ake mukusunga. Mary Anning anaifukula m'magomo a m'mbali mwa nyanja ku Lyme Regis kuno ku Mangalande mu 1828, pterosaur yoyamba kupezeka kunja kwa Germany, koma inalibe mutu. Katswiri wa miyala William Buckland anaiika mu mtundu wa Pterodactylus mu 1829. Chigaza chitapezeka, Richard Owen, yemwe anadzayambitsa nyumba yanuyi, anaona kuti ndi mtundu wina ndithu, ndipo mu 1859 anaipatsa dzina lotanthauza mano a mitundu iwiri: aataliatali osongoka kutsogolo, tating'onoting'ono kumbuyo. Mwana wanga analoza manowo limodzilimodzi. Chimutu cha nyamayi n'chachikulu koma chamabowo ngati mazenera, kuti chisalemere, ndipo mapiko akatambasuka ankafika pafupifupi mamita 1.4.

Mchira nawo uli ndi nkhani. Mitundu yoyambirira ngati Dimorphodon, ya zaka pafupifupi 190 miliyoni zapitazo, inali ya mchira wautali, pomwe yobwera pambuyo pake, monga Pteranodon, mchira unali kachidutswa chabe.

Chinandikhudza n'chakuti Mary Anning, mwana wa kalipentala, sankaloledwa kulowa m'bungwe la akatswiri a miyala la Geological Society chifukwa anali mkazi. Mayi aja anamutchula dzina momveka bwino pamaso pa mwana wanga wamkazi, ndipo munachita bwino kulemba anthu otere ntchito.

Pakhomo sitinalipire kanthu. Madzulo ake mwanayo anaimbira agogo ake kumudzi pa WhatsApp, atakweza chala chachinayi pa kamera, n'kuwafotokozera zonse m'Chichewa chake chothyokathyokacho. Chonde mukawathokozere mayi aja m'malo mwathu, poti tinaiwala kuwafunsa dzina.

Ine wanu woyamikira,
Mayi wa ku Malawi