Tiwerengenso mphukira za pa zitsa, osati mbande zokha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya mitengo. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timaona zithunzi za akuluakulu atagwada ndi kathumba ka mbande m'manja, ndipo timauzidwa mamiliyoni a mitengo imene yabzalidwa. Sindikutsutsa kubzala. Ineyo ndinakula nthawi imene ana asukulu tinkanyamula makasu pa 21 Januwale, tsiku lobzala mitengo la m'masiku a Kamuzu. Koma pali nkhalango ina imene sitikuiwerenga, imene sinabzalidwe ndi munthu, ndipo ndi imeneyo ikutha.

Kwathu ndi ku Malingunde, kumunsi kwa Dzalanyama. Ndili mnyamata, amayi ankatituma kukasenda luzi la mombo, ndipo sitinkafika kutali. Mvula ikangoyamba tinkabwera ndi malichero a bowa, utale ndi ndelema. Masuku tinkatola mpaka kutopa nawo, ena kumangowolera pansi. Tsamba, mchenga, muwanga, mlombwa, mpoza, mateme, zonsezi zinkamera zokha. Lero mdzukulu wanga amadziwa bwino bulugamu ndi kesha, koma mlombwa anakauona koyamba kumanda, poti ndi kokhako kumene nkhwangwa imaopa.

Izi si zokumbukira za nkhalamba chabe. Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, powerengera nkhalango za dziko lino, linapeza kuti mu 1990 tinali ndi mahekitala pafupifupi 3.5 miliyoni, koma pofika 2020 anatsala pafupifupi 2.2 miliyoni. Ndiye kuti chaka ndi chaka tinkataya mahekitala 42,000. Nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, imene timainyadira ija, inabzalidwa pa mahekitala 53,000. Tangoganizani, pa chaka ndi miyezi itatu yokha tinkafafaniza malo aakulu ngati Chikangawa yense, ndipo mbali yaikulu ya zimene zinkapitazo ndi mitengo yachilengedwe.

Zifukwa tonse tikuzidziwa. Tinali anthu pafupifupi 8 miliyoni mu 1987, pofika 2018 tinapitirira 17 miliyoni, ndipo aliyense akufuna munda. Pafupifupi khomo lililonse limaphikira nkhuni kapena makala. Onjezanipo njerwa, zigafa za fodya, ndi moto wa osaka mbewa. M'mawa uliwonse njinga zosenza matumba a makala zimadutsa pakhomo panga kulowera ku Mitundu ndi mumzinda, ndipo anyamata okankha njingazo ena ndinawaphunzitsa ndine. Sindingawanene kuti ndi zigawenga. Mu 2015 boma linafika potumiza asilikali kuti akalondere Dzalanyama, chifukwa mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko, ndipo madzi amene amamwa a mumzinda amasungidwa m'madamu a Kamuzu kwathu konkuno. Koma mfuti siphika nsima. Malinga mbaula za m'tauni zikufuna makala, wina adzalowabe m'nkhalango usiku.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi zimene ndaona ndi maso anga pa malo awiri. Pasukulu ina imene ndinkaphunzitsa tinalandira mbande zambirimbiri mu Febuluwale, mvula itatsala pang'ono kutha. Tinabzala, tinaimba nyimbo, alendo anapita. Chiswe chinadya zina, mbuzi zinamaliza zina zitamasulidwa pambuyo pokolola, dzuwa la Okutobala linadzatsiriza. Imene inapulumuka ndinaiwerenga ndi zala za manja anga awiri.

Malo achiwiri ndi kaphiri ka kuseri kwa mudzi wathu, kamene kanali katasanduka dazi, zitsa zokhazokha. A mfumu athu anaitanitsa msonkhano, tinagwirizana kuti pasapitenso nkhwangwa kapena moto. Sitinagule chubu chofeseramo mbande ngakhale chimodzi. Chitsa cha mombo kapena tsamba chikadulidwa sichifa, mizu yake imakhala ili moyo pansi, ndipo chimatulutsa mphukira khumi kapena kuposerapo. Ntchito yathu inali yogwada pa chitsa chilichonse ndi chikwanje chakuthwa, kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zinazo n'kuzichotsa kuti zisamalimbirane chakudya. Podula timalozetsa chikwanje m'mwamba kuti khungwa lisasendeke. Nthambi zodulirazo amayi amatenga kukakolezera moto. Udzu ukayamba kuuma timalambula mzere kuzungulira phiri lonse. Mphukira zimenezi sizifuna kuthirira, chifukwa zikuyamwa pa mizu imene inazama kalekale, agogo athu ali moyo. Chaka chachitatu zinali zitandipitirira msinkhu. Chaka chatha mayi a kunyumba anabwerako ndi ndelema wodzaza mbale, anangoima pakhomo kundionetsa osanena kanthu. Bowa ameneyu amamera pamene pali mizu ya mitengo yachilengedweyi, pansi pa bulugamu simungamupeze.

Zovuta zinalipo. Chaka china moto unalowa usiku n'kupsereza mbali ya kumadzulo, ndipo panali mkangano waukulu ndi mabanja amene ankadyetsera mbuzi pamenepo. Mitengo yathuyi imakulanso mochedwa, munthu wofuna milimo yomangira nyumba msanga adzabzalabe bulugamu, ndipo ali ndi ufulu wotero. Komatu njirayi si yachilendo. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, alimi anabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni posamalira zitsa ndi mphukira m'minda mwawo kuyambira m'ma 1980. Kuno kwathu alimi a m'mbali mwa nyanja, monga ku Salima, akhala akusiya nsangu kuti izimera yokha m'minda, popeza imayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kumadyetsa chimanga.

Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa nkhalango ndi nthaka yoguga pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Ndikaona mtengo wa machubu, njere, ndi mafuta a galimoto zonyamula mbande, sindikhulupirira kuti nazale zokha zingatifikitse kumeneko. Pempho langa kwa a nthambi ya zankhalango ndi lakuti polengeza ziwerengero azitiuza padera kuti nkhalango yomera yokha yatsala yochuluka bwanji m'boma lililonse, asamaiphatikize ndi paini ndi bulugamu. Alangizi aphunzitse anthu kadulidwe ka mphukira monga amaphunzitsira kufesa nazale, ndipo mudzi umene wateteza phiri lake uzilandira ulemu wofanana ndi umene wabzala mbande.

Kwa inu a nyuzi, mukamajambula akuluakulu akubzala mu Januwale, muzibwereranso pamalo omwewo mu Okutobala. Mukatero mudzadutse kwathu ku Malingunde, ndidzakutengani kukaphiri kaja muone nokha mombo umene unali chitsa.

Ine,
Mphunzitsi wopuma,
Malingunde, Lilongwe.