Nyimbo imodzi ya Solomon Linda inalemeretsa ena

Akonzi,

Tili ndi chizolowezi chonyoza oyimba amene anatchuka ndi nyimbo imodzi yokha. Timati unali mwayi chabe, luso analibe. Ine ndikuti nyimbo imodzi ikhoza kudyetsa banja mpaka zidzukulu, bola mwini wake asaigulitse. Onani zimene zinamuchitikira Solomon Linda wa ku South Africa.

Linda anali Mzulu, wobadwa mu 1909 kufupi ndi Pomeroy ku Natal. Mu 1931 analowera ku Johannesburg kukasaka ntchito, ku Joni komwe kuja agogo athu ankapitanso. Akaweruka ankayimba ndi anzake m'gulu la Evening Birds, atatchena masuti ndi zipewa, amuna a besi akugunda pansi, iye akuuluka pamwamba ndi kamawu kake kopyapyala. Mu 1939 anajambula nyimbo ya Mbube ku kampani yojambula nyimbo ya Gallo. Pasanathe zaka 10 zimbale zoposa 100,000 zinali zitagulidwa, mpaka mayimbidwe onsewo anayamba kutchedwa dzina la nyimboyo.

Nanga iye anapatapo chiyani? Umwini wa nyimboyo anaupereka pa mashileni 10, ndipo ntchito yake ku Gallo inali yolongedza zimbale. Tangoganizani: munthu akunyamula makatoni a katundu wa kampani imene ikudyera mawu ake, malipiro ali a wantchito wamba.

Chimbale china chinafika ku America m'manja mwa woyimba Pete Seeger, amene anayimba nyimboyo ndi gulu la The Weavers n'kuitcha Wimoweh. Mu 1961 George David Weiss anaikamo mawu achingerezi, gulu la The Tokens n'kuitulutsa ngati The Lion Sleeps Tonight, ndipo inakhala nambala wani ku America. Chaka chotsatira, 1962, Linda anamwalira ndi matenda a impso ali mmphawi. Banja linalephera kugula ngakhale mwala wa pamanda. Unadzaikidwa patapita zaka 18. Mu 1994 Disney inaika nyimboyi mufilimu ya The Lion King, yomwe ana athu amaonera mpaka lero, pamene ana a Linda ankavutika ku Soweto.

Zinthu zinatembenuka mu 2000 pomwe mtolankhani Rian Malan analemba nkhaniyi m'magazini ya Rolling Stone, n'kuwerengera kuti nyimboyo inali itapanga ndalama pafupifupi madola 15 miliyoni. Loya Owen Dean anakafukula lamulo lakale la Angerezi la 1911, lonena kuti pakatha zaka 25 mlembi atamwalira, umwini umabwerera kwa olowa chuma chake. Mu 2004 mlandu wosumira Disney unalowa m'khoti, ndipo mu 2006 kampani ya Abilene Music, yomwe inkasunga umwini wa nyimboyo, inavomera kulipira banjalo mlandu usanazengedwe. Ena amati chilungamo chinachitika. Kwa ine chilungamo chobwera mwini wake atagona m'manda zaka 44, mkazi wake ndi mwana wake mmodzi atamutsatiranso, n'chozizira kwambiri.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Linda sanapusitsidwe chifukwa cha uchitsiru. Tsiku losainira palibe amene amadziwa kuti nyimbo idzafika pati. Kodi agogo Giddes Chalamanda ankalota kuti Linny Hoo idzavinidwa pa TikTok dziko lonse iwo atapyola zaka 90? Koma achinyamata athu akadali kusaina mapepala achingerezi osawawerenga, chifukwa lendi yakwana ndipo wolipira situdiyo waika kangachepe patebulo. Ena sasaina n'komwe, amangogwirizana pakamwa kuti “tidzaonana zikayenda”. Zikayendadi foni imasiya kuyankhidwa.

Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina m'Malawi, lilipo kuyambira 1992, koma kulembetsa kumeneko sikungabweze nyimbo imene mwini anaigulitsa kale ndi dzanja lake. N'chifukwa chake ndikukupemphani, akonzi, kuti patsamba lanu la zamsangulutso, m'malo mongotiuza za amene wasiyana ndi chibwenzi chake, muitane loya atifotokozere m'Chichewa kusiyana kwa kugulitsa nyimbo ndi kungobwereketsa kwa nthawi yodziwika, komanso zimene wopeka, woyimba ndi wojambula aliyense ayenera kulandira.

Ine wanu,
Wokonda nyimbo zakale,
Zomba