Kalata ya ku Joni, za vidiyo ija ndi mayi ako

Aise,

Voice note yako ndinaimva, ngakhale inandimalizira bandulo chifukwa iwe ukayamba kuyankhula umakhala ngati wapatsidwa mwayi pamaliro. Ndimafuna ndikuyimbire koma netiweki ya kuno ukuidziwa, mpaka ukakwere pachulu paja kuseri kwa sukulu, ndiye ndati bola ndilembe uziwerenga ukaweruka. Kuno tadzuka, ana ali bwino. Mlamu wako akupereka moni, akuti jekete unalonjeza lija June wadutsa July wadutsa, chisanu cha ku Lizulu chatimenya mpaka chatopa chokha, pano kwatentha ndiye ulisunge bwino lisadyedwe ndi makoswe a ku Joni.

Nkhani yanga ndi vidiyo ija unaponya pa gulu la WhatsApp la kwanu, ya bambo wa konko amene ankati Yesu wamuuza kuti mkwatulo uchitika pa 23 kapena 24 September 2025. Iwe unangolemba kuti tiyeni tikonzeke, basi n'kukwera takisi kupita kuntchito. Sukudziwa moto umene unayatsa kuno. Mlongo wako anakaonetsa mayi ako n'kuwamasulira mawu onse, ndipo kuyambira tsiku limenelo mayi anasiya kupita kudimba, kabichi anafota, nkhuku ziwiri anagawa, ndalama ya feteleza unatumiza ija anaimanga pansalu akuti akapereka yonse kutchalitchi chifukwa chimanga chake adzadya ndani. Malume ako ndi amene anawaletsa, mpaka anakangana. Ndiye 23 inadutsa, pa 24 anthu anali khutu pa wailesi kudikira zotsatira za chisankho, dzuwa linakalowa ku Mozambique ngati masiku onse. Za chisankhozo unamva kale sindibwereza. Shuga akadali wodula, mafuta ophikira ndiye osakamba, ndipo njinga yanga yathyoka sipoko kachikenanso pa msewu uja wotsikira kudambo.

Ndinapita kukawaona mayi Lachiwiri lapitali. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba palichero, anandipatsa kampando kaja ka bambo ako kamwendo umodzi womangidwa ndi waya. Ine ndimayesa ndikawapeza ali ndi manyazi kuti tsiku ladutsa, kapena akuopa moto. Ayi ndithu. Anasiya kusankha, n'kundiyang'ana, akuti mwana wanga iwe umawerenga Baibulo, tandiuza, lipenga likadzalira bambo ake a anawa adzaima mbali iti?

Aise mtima unandiwawa. Zaka zonsezi nkhani imeneyi anaisunga okha. Ukukumbuka bambo ako anamwalira ali odulidwa mumpingo chifukwa cha kachasu, maliro aja anayenda opanda nyimbo za mpingo, amayi a mumpingo anabwera ndi zitenje wamba osavala yunifolomu, mkulu wa mpingo anangopemphera mwachidule kumanda basi. Ifeyo tinali achinyamata, tinangoti ndi malamulo, tinakwirira n'kubwerera. Koma mayi anatenga tsiku lija ngati chigamulo chatuluka kale, kuti ngati mpingo sunawayimbire ndiye kuti kumwambanso chitseko anatseka. Ndiye vidiyo yako itafika iwo amawerenga masiku oti akasiyane ndi mwamuna wawo kosatha, iwo kudzanja lamanja iye kumanzere. Usiku sakugona. Mlongo wako akuti amawamva akuyankhula okha m'bandakucha.

Ndinawauza chimene ndimakhulupirira ndi mtima wanga wonse. Kaundula amene amasunga mlembi wa mpingo ndi buku lina, buku la moyo lotchulidwa pa Chivumbulutso 20 ndi linanso, ndipo lachiwirilo palibe mkulu wa mpingo kapena m'busa amene analigwirapo. Mpingo umadula munthu kuti azindikire tchimo lake abwerere, ndipo ine sindikutsutsa, kachasu uja anasautsa banja lanu, mbuzi zinatha, iwe unakhala chaka osapita ku sekondale, tchimo ndi tchimo tisalipake mafuta. Koma woweruza wa tsiku lomaliza ndi Khristu, 2 Akorinto 5:10 akunena poyera kuti tonse tidzaonekera ku mpando wake, ndipo iye amaona mumtima momwe ife sitifika. Ndinawakumbutsa za wachifwamba uja pa Luka 23, munthu amene sanalowe kalasi, sanadye Mgonero, anangoti mundikumbukire, ndipo anayankhidwa pompo. Apa m'pamene mayi anandiuza chinthu chimene ndikuganiza iwe sukuchidziwa, kuti sabata yomaliza kuchipatala bambo ankawapempha usiku uliwonse kuti apemphere nawo, ndipo tsiku lina analira akutchula maina anu mmodzimmodzi kuti ndinawalakwira ana. Ndinati amayi, Mulungu amene anamva wachifwamba analiponso mu wodi imeneyo. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza nyemba zawo. Koma ndikuona kuti akufuna kumva mawu amenewa pakamwa pa mwana wawo, ndiye uwayimbire, osati mamineti awiri ako aja ofunsa ngati ndalama yafika.

Mutu wawo wasokonezekanso chifukwa aliyense akuwauza zake. Azakhali ako a ku Bembeke akuti apereke Misa, pa 2 November Akatolika amapempherera mizimu ya akufa ndipo amakhulupirira za puligatoriyo. Neba wathu wa Sabata uja akuti akufa ali mtulo sadziwa kanthu mpaka tsiku la kuuka, amatchula Mlaliki 9:5. Kwathu timaphunzitsidwa kuti munthu akafa nkhani yake yatsekedwa, yatsala m'manja mwa Mulungu. Onsewa akunena mwachikondi, koma tangoganiza gogo wosagona tulo akumva zitatu zonsezi sabata imodzi.

Tsono iwe, munthu unakhoza Bible Knowledge kuposa tonse m'kalasi, zoona ungakhulupirire deti? Mateyu 24:36 unaiwala? Yesu mwini wake anati za tsikulo ndi nthawi yake palibe akudziwa, angelo omwe ayi, koma Atate okha. Tinali limodzi usiku wolowa 2000, tchalitchi chinadzaza mpaka pawindo, ndi anthu oti chibadwire sanapondemo, iwe unagwira dzanja langa 12 koloko ikukwana, m'mawa tinakapalira. Mu 2011 kunabwera zoti mkwatulo uchitika pa 21 May kuchokera ku America. Neba wa Sabata yemweyo amafotokoza yekha mosabisa kuti makolo a mpingo wawo anadikira kubwera kwa Yesu pa 22 October 1844 ndipo anakhumudwa koopsa, n'chifukwa chake iye safuna kumva za madeti. Mu 2017 polembetsa ziphaso za unzika ena anathawa kuti ndi 666, katemera wa Covid atafika mu 2021 nyimbo inali yomweyo. Ndipo zinthuzi zimapha anthu aise, ku Shakahola ku Kenya mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu, ana omwe. Paulo anakumana nazo kale ku Atesalonika, anthu atasiya makasu kuti Ambuye ali pafupi, anawalembera kuti wosafuna kugwira ntchito asadye.

Ine ndimakhulupirira kuti adzabweradi ndipo chiweruzo chilipo, usandimve molakwa. Chimene chimandipweteka ndi mmene timachigwiritsira ntchito, nthawi zonse kuloza ena. Namondwe wa Freddy atakokolola anthu ku Chilobwe ndi ku Mulanje mu March 2023, mlaliki wina mu minibasi ya ku Dedza anaima n'kumati Mulungu walanga machimo a kum'mwera. Mayi wina kumbuyo anangoyamba kulira, anali akuchokera kokaika mchemwali wake ndi ana. Chonsecho pa Luka 13 Yesu anafunsa za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, n'kuyankha yekha kuti iyayi, koma inuyo lapani.

Ukawerenga Mateyu 25, pamene akulekanitsa nkhosa ndi mbuzi, mafunso ake ndi a njala, ludzu, mlendo, wamaliseche, wodwala, wandende. Ndiye Loweruka ndinaima pamsika pa Lizulu ndikuona zimene timachita. Ndowa ya kachewere yomenyedwa pansi ndi mwala kuti ilowe m'kati, pamwamba ayala zikuluzikulu zotsukidwa, pansi timbatata tonga mazira a nkhunda tina tobooka ndi khasu, munthu wa pa basi ya ku Blantyre akulipira pawindo mothamanga akazionera kunyumba. Mbali inayi venda wakhala ndi sikelo yake yoseweretsa akugula nyemba kwa agogo osadziwa kuwerenga manambala. Ambiri mwa amenewa Lamulungu timakhala nawo benchi imodzi, ena ndi amene ankasheyala vidiyo yako kwambiri. Amosi 8 anakamba za miyeso yonyenga yomweyi, Yakobo 5:4 akuti malipiro a aganyu amene munawakaniza akufuula. Mnyamata uja wamasiye analima mizere kwa a shopu aja chaka chatha mpaka lero akumuuza kuti ubwere mawa. Ulaliki wa zimenezi sindimaumva kawirikawiri, koma wa chilombo ndi nyanga khumi anthu amachita kuimirira.

Ndiye poti ndayamba ndimalize, usakwiye, tinadyera mbale imodzi. Mwana wako wamkulu anamubweza kusukulu sabata yatha chifukwa cha fizi, ndinamupeza akuthandiza kukweza matumba a kabichi pa lole. Mkazi wako sadandaula pagulu koma waonda. Ndipo anyamata obwera pa basi za pa boda ya Dedza amayankhula, za mayi wina wa konko amene akukuchapira zovala tamva. Kaya ndi zoona kaya ndi mabodza a pa bawo, mwini wake ndiwe. Ndikudziwa moyo wa konko ndi wowawa, mapepala, apolisi, lendi, kugona anthu asanu chipinda chimodzi, sindikukuweruza ine. Koma unalemba wekha kuti tikonzeke, ndiye ndikuti kukonzekako kuyambire pamenepa, pa foni ya kwa mayi ako, pa fizi, ndi pa nkhani inayo ngati ilipo. Mu voice note muja unati sunapondeko kutchalitchi chichokereni kuno chifukwa umadziona wakuda kwambiri. Aise 2 Petro 3:9 akuti Ambuye sakuchedwa, akuleza mtima kuti wina asatayike, ndipo winayo ndi iwe ndi ine.

Mbewu sitinagulebe, mitambo yayamba kusonkhana cha ku Tsangano madzulo, malume ako akuti ndikuuze kuti malata a khitchini aja mphepo inasasula awiri ndipo asakuuze mlongo wako chifukwa achulutsa. Galu wanu uja anabereka, ana asanu, wina ndatenga. Magetsi anazima kalekale, foni yatsala 3 peresenti ndipo mlamu wako akuti ndizimitse kuwalaku kukudzutsa mwana. Panali nkhani inanso ya maliro a kwa a mfumu, zimene ananena m'busa kumanda zokhudza anthu ofa mwadzidzidzi, ndimafuna ndimve maganizo ako chifukwa ine zinandi